Zelipa, Mau Aja Akuti Lokolo

Nyimba, Lachinai masana

Zelipa mwana wanga,

Ndakhala pakhonde pano kuyambila pamene unatuluka kupita kukatsazika anzako a ku chipatala, ndipo mapepala awili ndang'amba kale. Kulankhula nawe pamaso sindingathe. Umandidziwa mmene ndimachitila: ndimayamba bwino, pakati ndimakwiya, ndipo timathela pa nkhani ya sutikesi ndi nthawi ya basi. Ndiye ndati ndilembe. Za kupemphela, za kuchenjela ndi amuna a ku Mangalande, za kuvala zofunda nthawi yozizila, anakuuza kale azimai a ku tchalitchi Lamulungu lapitali. Ine ndili ndi nkhani ya mau amodzi okha a Chingelezi, ndipo si nkhani yokoma.

Mailo, pamene unali kulongedza katundu ndi amai ako aang'ono aBelita, ine ndinali pafupi ndi windo. Anakubweletsela dilesi la chitenge limene anasoka milungu iwili pa makina awo opalasa ndi mwendo. Unaligwila ndi zala ziwili n'kunena kuti, "Amai, ili ndi la lokolo kwambili, kumeneko akandiseka." Iwo anaseka nawe, analipinda, n'kulowa nalo kuchipinda. Iwe sunaone mmene analipindila. Ine ndinaona. Sindinakudzudzule, chifukwa ndikanayambila pati? Mau amenewo sunawatole kumsika kapena ku sukulu ya unesi. Unawamva m'nyumba muno, pakamwa panga, kuyambila uli wosavala nsapato.

Kuno kwathu mau amenewa tawapatsa nchito zambili. Nkhuku ya lokolo ndi ija yodzifunila yokha chakudya pabwalo, imene tonse timadziwa kuti ndiyo yokoma, koma mlendo wa ku tauni akabwela timayamba tapepesa tisanamupatse. Chimanga cha lokolo ndi chija cholimba chimene sichifumbwa msanga m'nkhokwe. Khoti ya lokolo ndi kumene amapita anthu okangana za malile a minda ndi za maukwati. Minibasi ya lokolo ndi ija yoima paliponse pamene munthu wakweza dzanja. Mpaka apa palibe choipa. Koma tikawaika pa munthu, timatanthauza kuti sanapite kulikonse, sadziwa kanthu, mapazi ake ndi a fumbi, ndipo zimene akunena tingazisiye pomwepo. Mmenemu ndi mmene ine ndawagwilitsila nchito zaka zoposa makumi anai. Mvela zimene anandichitila.

Ndinayamba ndili mu fomu yachiwili, pa sukulu yogonela komweko ku Petauke. Munali anyamata ochokela ku Lusaka ndi ku migodi, olankhula Chinyanja cha m'tauni ndi Chibemba, ndipo ife a m'midzi ya Kaumbwe ankatitcha a lokolo. Ndinaphunzila kubisa Chinsenga ngati mmene munthu amabisila chilonda. Loweluka lina amai anga, agogo ako amene sunawaone, anabwela kudzandiona. Anayenda pansi mpaka ku mseu, kenako anapempha malo pa lole yonyamula thonje. Anafika thonje lili m'tsitsi, atasenza phukusi la nshawa zokazinga ndi mbatata. Ndinali ndi anzanga pansi pa mtengo pafupi ndi geti. Anandiona ali patali, nafuula kuti, "Yosefe, mwana wangu, muli tyani?" Mnzanga wina anafunsa kuti mai wa lokolo ameneyu ndi ndani. Ndinayankha m'Chingelezi kuti ndi mai wina wa kumudzi kwathu, wogulitsa nshawa. Amai sankadziwa Chingelezi ngakhale liu limodzi, koma nkhope ya mwana wawo ankaidziwa. Anaima pomwepo. Anatula phukusi lija m'manja mwa alonda, anandipatsa moni wa ulemu ngati wopatsa mwana wa eni ake, n'kubwelela. Lole ija inali itapita kale, ndipo ndinamva pambuyo pake kuti anagona kwa anthu a m'njila.

Nshawa zija tinadya ndi anyamata omwe aja, ndipo anati ndi zokoma. Amai sanatchulepo nkhani imeneyo mpaka tsiku limene tinawaika m'manda, ndipo ku sukulu sanabwelenso. Ine ndinkadikila kuti andikalipile kuti ndipeze popepesela, koma sanandipatse mpata umenewo. Ndiye iwe, Zelipa, ukakhala ndi anzako a kumeneko, foni n'kulila, n'kupeza kuti ndi a kwanu akufuula m'Chinsenga monga mwa chizolowezi chawo, yankha pomwepo. Usathamangile kuchimbudzi kukayankhila kumeneko. Akakufunsa kuti ndi ndani, unene zoona. Usaiwale zimenezi.

Nditamaliza sukulu ndinalowa nchito ku bungwe lina la kunja limene linkakumba mijigo m'midzi ya Petauke ndi Nyimba. Umadziwa kuti ndinakhalako zaka zambili, koma sudziwa mmene tinkakhalila. Pa mapepala a ku ofesi anthu tinali a mitundu iwili: ochokela kunja, ndi ife a lokolo. Mabwana ankabwela ndi kupita, aliyense zaka ziwili kapena zitatu. Aliyense akafika, ine ndinkamuphunzitsa maina a midzi, njila zodutsika nthawi ya dzinja, ndi mmene amapelekela moni kwa akuluakulu. Akaphunzila, ankakhala wondiuza chochita. Tikapita ku msonkhano ku Chipata, iwo ankagona ku hotela ya pamwamba, ife kwina. Pa misonkhano ankati tiyeni timve maganizo a lokolo, ndipo ndikayamba kulankhula ankayang'ana mawotchi. Zinkandiwawa. Koma m'malo modana ndi mau amenewo, ndinkangofuna kuti achoke pa ine apite pa munthu wina. Ndinagula tayi. Ndinasiya kudya ndi madalaivala anzanga. Tikafika m'mudzi, ndinkaima pafupi ndi mzungu, osati pafupi ndi anthu.

Chaka china tinapita kukakumba mjigo m'mudzi wina kuseli kwa Minga. Akatswili anayeza ndi makina awo n'kukhoma chikhomo pamalo okwela, pafupi ndi sukulu. Panali mdala wina, aSakala, amene anakumba zitsime ndi manja moyo wake wonse. Anabwela atagwila chipewa m'manja n'kundipempha kuti ndiwauze mabwana kuti pamenepo pansi pali mwala wokhawokha, iye anayesapo kawili ali mnyamata, ndipo madzi ali kumunsi, pafupi ndi mkuyu. Analankhula bwino, mofatsa, akuloza ndi ndodo mmene nthaka imasinthila mtundu. Bwana anandifunsa kuti mdalayu akuti chiyani. Ndinayankha kuti ndi zikhulupililo za lokolo, sizofunika. Tinakumba masiku anai. Munatuluka fumbi loyela lokhalokha. Makina anapakilidwa n'kupita ku mudzi wina, chifukwa mudzi uliwonse unali ndi mwai umodzi wokha. Mu lipoti munalembedwa kuti dela limenelo lilibe madzi apansi, ndipo amene anataipa lipotilo ndi ine.

Azimai a m'mudzi umenewo anapitiliza kutunga ku mtsinje kumene ng'ombe zimamwela, zaka zina zinai, mpaka anthu ena anadzakumba pafupi ndi mkuyu womwe uja. Madzi akutuluka mpaka lelo. ASakala tikakumana pa msika sankandinyoza. Ankangondipatsa moni n'kufunsa kuti, "aDaka, madzi aja munawapeza?" Ankafunsa chaka ndi chaka mpaka anamwalila. Iwe ukupita kukagwila nchito m'zipatala za eni ake, ndipo tsiku lina udzaima pakati pa dokotala ndi wodwala amene sadziwa kulankhula bwino. Unene zimene wodwalayo wanena, zonse, mmene wazinenela. Usadzachepetse mau a munthu kuti iwe uoneke wanzelu pamaso pa bwana. Kumbukila, mwana wanga.

Tanthauzo lenileni la mau amenewa ndinalidziwa iwe uli ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Bwana wina wa ku Mangalande komwe ukupitako anali kubwelela kwawo, ndipo ine ndinamunyamula kupita naye ku Lusaka. Panjila ndinamufunsa chimene anachisowa kwambili ali kuno. Anati wasowa lokolo yake. Ndinaganiza kuti sindinamve bwino. Anandifotokozela kuti kwawo, malo omwela mowa amene ali pafupi ndi nyumba yako, kumene onse amakudziwa dzina ndi mpando umene umakonda, amawatcha choncho. Ankalankhula misozi ili m'maso. Anapitiliza kunena kuti kwawo anthu amanyadila nyama ya lokolo ndi ndiwo za lokolo, ndipo sitolo ikalemba mau amenewo pakhomo anthu amakhamukilako. Ndinapitiliza kuyendetsa galimoto. Munthu yemweyo anali atanditcha wa lokolo zaka zitatu, ndipo ine ndinkamva ngati akunditcha galu.

Pochoka anandisiyila mabuku, ndipo pakati pawo panali dikishonale yaikulu ija imene uli mwana unkaikhalila kuti ufikile pa tebulo. Ndinaitsegula pa mau amene iwo amalemba kuti local. Ndinawelenga katatu kufunafuna pamene alemba kuti chonyozeka, chotsika, chaumbuli. Panalibe. Analemba kuti cha pamalo ena ake, cha dela limene uli, chapafupi. Munthu wa lokolo ndi munthu wokhala pamalopo. Pansi pake, m'zilembo zazing'ono, anafotokoza kuti si mau a Angelezi enieni: anadza kudzela m'Chifalansa, kuchokela ku Chilatini cha Aloma akale, ku mau akuti locus, ndipo locus ndi malo. Basi. Malo. Ndinatsika ndi chala pa tsamba lomwelo n'kupeza abale ake. Ndinapeza lokomotivi, mutu wa sitima, chinthu chochoka pamalo kupita pamalo ena. Ndinapeza lokesheni, ndipo ndinakumbukila atate anga amene anagwila nchito ku tauni nthawi ya atsamunda. Ankasimba kuti anthu akuda ankakhala ku lokesheni, malo amene anawapatulila kutali ndi nyumba za azungu. Apo ndiye ndinaona pamene poizoni analowela. Mauwo analibe mlandu. Vuto linali lakuti wotchula malo athu anali mlendo wowanyoza, ndipo ife tinalandila mauwo pamodzi ndi kunyozako, n'kumapatsilana. Iwenso mau amenewa umawagwilitsa nchito ku chipatala, pa jekeseni ija yochititsa dzanzi pamalo pokhapo posokedwa. Kodi jekeseni imeneyo ndi yonyozeka?

Kumene ukupitako zinthu zikatembenuka. Eni ake ndiwo akakhala a lokolo, ndipo akanyadila. Iwe ukakhala wakunja, ndipo usaganize kuti akakuika ku hotela ya pamwamba monga mmene ife tinkachitila ndi akunja athu. Akakufunsa kawili dzina lako, akakubwezela mau kuti sanamve, ena akapempha nesi wina. Zikakuwawa. Zikakuwawa, samala kumene ukatayila ululu umenewo, chifukwa ine ndinkautenga ku ofesi n'kudzautayila pa anthu a kwathu. Udzabwela pa tchuti ndi mafuta onunkhila, ndipo anthu adzakupatsa mpando iwo n'kukhala pansi. Adzayamba kukupepesa chifukwa cha fumbi, chifukwa cha chimbudzi, chifukwa cha madzi. Usawalole. Ndipo kumeneko, funsa okolopa, oyendetsa mabedi ndi azimai okalamba a pa mseu wako. Ndiwo amadziwa malowo. Wapafupi amadziwa zimene wakutali sangazione ngakhale abwele ndi makina. Usaiwale, Zelipa.

Tsopano ndafika pa chimene ndang'ambila mapepala awili aja. Ndinati dikishonale ija ndinaiwelenga uli ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Ndinachedwa ndi zaka zisanu ndi chimodzi.

Wakula ukudziwa kuti amai ako, Esitele, anamwalila atakubeleka, chifukwa kachipatala ka kumudzi kanalephela kuwathandiza. Ndinakuuza ine zimenezo. Ndinamva ukuuza anzako kuti n'chifukwa chake unasankha unesi, ndiponso n'chifukwa chake sufuna kukalambila m'zipatala za kuno. Si mmene zinayendela.

Amai ako anapita kukachila kwa makolo awo ku Kaumbwe. Unabadwa Lachisanu pa kachipatala ka pafupi ndi mudzi, m'manja mwa nesi mmodzi yekha amene analipo, amai Njobvu. Ine ndinafika Loweluka m'mawa ndi galimoto ya ku nchito. Amai Njobvu anandiitanila pambali n'kundiuza kuti mwana ali bwino koma mai akutaya magazi. Anali atawabaya jekeseni ndi kuwaika dilipi, magaziwo anachepa koma sanasiye. Anati akufunika chipatala chokhala ndi magazi oonjezela ndi chipinda cha opaleshoni, ndipo anali atalemba kale kalata yopita ku boma ku Petauke. Anati galimoto yanga yabwela pa nthawi yake, tikanyamuka pompo tikafika bwino.

M'thumba mwanga munali khadi. Patapita zaka zambili tikupempha, bungwe linali litavomela kuti ife a lokolo ndi mabanja athu tizilandilidwa pa chipatala china cha ku Lusaka kumene mabwana ankapita. Khadi limenelo ndinali nditalionetsa kwa aliyense. Ndinawauza amai Njobvu kuti mkazi wanga sakagona pa chipatala cha lokolo, ndipita naye ku Lusaka. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "aDaka, magazi sadikila Lusaka. Pitani pafupi." Anakana kutulutsa wodwala mpaka nditalonjeza. Ndinalonjeza. Anafuna kukwela nafe, koma munali mai wina amene anali pafupi kuchila, ndipo panalibe womusiyila. Ndinawauza kuti asavutike. Iwe tinakusiya ndi agogo ako, mai wa amai ako. Kumbuyo kwa galimoto kunakhala aBelita, atakweza botolo la dilipi m'mwamba, mutu wa mkulu wawo uli pamiyendo pawo.

Titafika pa mseu waukulu, m'malo molowela ku boma ndinakhotela ku Lusaka. ABelita anamenya mpando wanga n'kufunsa ngati ndasokela. Ndinawauza kuti akhale chete, zimenezi sangazimvetse. Tinayenda. Titayandikila pa mphambano ya ku Minga, kumene kuli chipatala cha mishoni, amai ako anadzutsa mutu n'kuyang'ana pawindo. Malowo ankawadziwa, anaphunzila kumeneko. Anati, "aDaka, apa si pafupi? Tilowe apa." Ndinawayankha kuti alimbe mtima, tikupita kwa madokotala enieni. Sanatsutse. Sanali munthu wotsutsa. Pa Nyimba pano dilipi inali itatha, ndipo aBelita anandichondelela akulila kuti tiime. Ndinayang'ana kumbuyo, ndinaona amai ako atatseka maso, ndinati agona, n'kuponda mafuta. Ndinkaganiza kale za mmene ndikaonetsele khadi lija pa geti.

Titadutsa Kacholola, m'mapili muja musanafike pa mlatho wa Luangwa, aBelita ananena mwakachetechete kuti ndiime, palibenso chothamangila. Dzuwa linali pamutu. Ndinaimika galimoto pambali pa mseu. Chitenge chimene anayala pa mpando chinali chitanyowa chonse. Tinakhala pamenepo kanthawi, malole akudutsa, kenako ndinatembenuza galimoto. Pobwelela ndinadutsanso malo onse aja amene ndinawakana, limodzi ndi limodzi, pang'onopang'ono, chifukwa tsopano nthawi inalipo yambili. Iwe ndiwe nesi. Ukudziwa kuposa ine kuti maola amenewo anali chiyani kwa mai wotaya magazi. Sindikufunsa ngati akanachila. Ndinafunsapo dokotala wina ngati kuti ndi nkhani ya munthu wina, ndipo yankho lake ndili nalo.

Pa malilo anthu anamva kuti anamwalila panjila yopita ku chipatala. Zinali zoona, ndipo palibe anafunsa kuti chipatala chiti. Wina atanena kuti mwina nesi uja anachedwa kuwatumiza, ine sindinatsutse. Tsiku lotsatila ndinanena ndekha. Ndinati n'zimene zimachitika ukasiya mkazi m'manja mwa anthu a lokolo. Nkhani inayenda m'midzi, azimai ena anayamba kuopa kukachilila kwa amai Njobvu, ndipo pasanathe chaka amai Njobvuwo anapempha okha kuti asamutsidwe. ABelita ankadziwa zonse. Anandiuza kamodzi kokha, patapita sabata, kuti sadzanena kwa aliyense chifukwa mwana wataya kale mai, sangatayenso tate. Anakutenga uli ndi masiku atatu n'kukuyamwitsa pamodzi ndi mwana wawo. Zaka makumi awili ndi zinai akhala akundipatsila chakudya ndi manja omwe anagwila botolo lija.

Ungaganize kuti pambuyo pake mau amenewo anandichoka pakamwa. Sanachoke. Ndinkawanena kwambili kuposa kale, pa zovala, pa nyimbo, pa aphunzitsi ako, pa anyamata amene ankakupatsa moni. Ndikanasiya kunyoza za pafupi, ndikanayenela kuvomela chimene ndinachita pa mseu uja. Ngakhale nditawelenga dikishonale ija ndinapitiliza, podziwa. Bungwe litatseka mabwana anatipatsa satifiketi aliyense, yothokoza anchito a lokolo, n'kukwela ndege. Ine ndinatsala kuno komwe ndinkanyoza, ndi anthu omwe ndinkawanyoza, ndipo ndiwo anandithandiza kufolela nyumba ino.

Sindikukuletsa kupita. Pita, ukaphunzile, ukaone. Kutali kulibe mlandu, monganso pafupi palibe mlandu. Chimene ndikukupempha ndi chakuti ukamasankha chinthu, udzifunse ngati ukusankha chifukwa ndi chabwino, kapena chifukwa ukufuna kuti anthu akuone kuti siwe wa kuno. Ine funso limenelo sindinadzifunse, ndipo amene analipila si ine. Munthu akadwala, pita naye pafupi. Munthu wa pamalopo akakuchenjeza, ima umve. Ukadzakwatiwa, kaya ndi wa kumeneko kaya ndi wa kuno, usadzamuyese ndi mtunda umene wachokela. Ndabweleza zimenezi kambili m'kalata muno, ndikudziwa. Ndilibe china chokupatsa.

Sindikupempha kuti undikhululukile lelo, kapena chaka chino. Ukafuna kukhala osandiimbila, ndidzamva za iwe kwa ena. Koma usachoke m'dziko muno uli ndi bodza langa m'mutu, n'kumakauza azungu kuti manesi a kwanu anapha amai ako. Mu envulopu muno ndaikamo pepala lina lachikasu, lopindidwa panai. Ndi kalata ija amai Njobvu analembela chipatala cha ku boma, imene sinafike. Ili ndi nthawi imene tinanyamuka, mankhwala amene anapeleka, ndi siginecha yawo. Ine zilembo zake zambili sindizimva. Iwe uzimva, ndipo uona wekha ngati panali chimene anasiya.

Amai Njobvu ali moyo. Atapuma pa nchito anadzakhala kuno ku Nyimba kwa mwana wawo, kuseli kwa chigayo cha ku msika, nyumba yachitatu, ya chitseko chobiliwila. Ndi mai wokalamba uja amene amakhala pa mpasa kugulitsa nthochi, amene umamudutsa popita ku nchito. Ine ndikawaona ndimaolokela tsidya lina la mseu. Tsiku lina anandipeza pa mzele ku chigayo, popanda kothawila. Ndinadikila kuti anene. Anangofunsa ngati mwana uja anakula, ndipo nditawauza kuti ndi nesi, anagwedeza mutu n'kunena kuti unabadwa ndi mau amphamvu.

Basi yako inyamuka mailo Lachisanu dzuwa litakwela, ndipo amai Njobvu amadzuka m'mamawa. Sutikesi ndikanyamula ine kupita nayo ku siteshoni. Iwe udzele kuseli kwa chigayo, wekha. Ukafika ugwade monga mmene tigwadila kuno, uwapatse moni m'Chinsenga, uwauze kuti ndiwe mwana wa Esitele. Dzina langa usavutike kulitchula. Akulidziwa.

Ndine atate ako,
Yosefe Daka